Akufuna kutitsekera malo athu a akuluakulu kuno ku Joni, tidziteteze bwanji?

Funso

Ndine Mmalawi, ndakhala kuno ku Joni zaka 14. Ine ndi mayi a kunyumba, omwe ndi nzika ya dziko lino la South Africa, tili ndi malo kummwera kwa tauni, cha ku Turffontein. Kutsogolo ndi shopu ya akuluakulu okhaokha, timagulitsa magazini, ma DVD ndi zipangizo za kuchipinda. Kumbuyo kuli bala, ndipo Lachisanu ndi Loweruka usiku kumabwera amayi ovina atavula kumtunda. Mwezi watha kudafika oyendera malo ali ndi apolisi, adanyamula makatoni awiri a ma DVD osasiya pepala lililonse. Pano mipingo itatu ya m'dera lathu ikusainitsa anthu chikalata choti malo athu atsekedwe, ndipo tikumva kuti khansala ali mbali yawo. Kodi boma lili ndi mphamvu yotiletsa? Nanga anthu tingawakope bwanji kuti atiikire kumbuyo, poti ngakhale Amalawi anzanga kutchalitchi sadziwa ntchito imene ndimagwira?

Yankho

Achimwene, boma la dziko lino lilibe mphamvu yokutsekerani malo pa chifukwa chongoti zomwe mumagulitsa n'zolaula kapena zikunyansa abusa. Mphamvu imeneyo idatha mu 1996. Koma lili ndi mphamvu zonse zokutsekerani chifukwa cha laisensi yomwe idatha masiku, khomo lothawira moto lomwe mwaunjikapo makireti, DVD yopanda chizindikiro cha boma, kapena wovina mmodzi wopanda pemiti. Malo ambiri ngati anu amagwera pamenepa. Mwini wake amalira kuti akuponderezedwa, chonsecho chamugwetsa ndi pepala. Osainitsa chikalata aja akapeza wowalangiza wochenjera, za uchimo sakazitchula n'komwe pamaso pa khonsolo. Akakamba za phokoso, za kufupika kwa malo anu ndi sukulu, ndi za mapepala anu.

Nthawi ya tsankho, lamulo la Publications Act la 1974 linkaletsa chilichonse chomwe akuluakulu a boma achiona chosayenera. Magazini ya Scope inkatuluka mabere a akazi ataphimbidwa ndi tinyenyezi, ndipo wofuna kuona zoposa pamenepo ankayendetsa galimoto mpaka ku Sun City, m'dera la Bophuthatswana lomwe ankaliwerengera ngati dziko lina. Kwa ife ochokera kumudzi izi si zachilendo. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968 lidabala bungwe lodula mafilimu ndi kuletsa mabuku, la kavalidwe la 1973 lidaletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo m'nyengo yomweyo ndakatulo za Jack Mapanje zidachotsedwa m'mashopu, mwini wake n'kukatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987. Lumo lometa zolaula silichedwa kufika pa mutu wa mlakatuli.

Kuno zinthu zidatembenuka pa mlandu wa Case ndi Curtis, anthu omwe adagwidwa ndi matepi a vidiyo olaula. Mu 1996 khoti la Constitutional Court, lomwe pano lili ku Braamfontein, lidagwetsa ndime ya lamulo la 1967 yoletsa kusunga zinthu zotere. Jaji Didcott adanena mosapsatira kuti zomwe munthu wasunga m'nyumba mwake kuti aziona yekha si nkhani ya boma kapena ya wina aliyense. Chaka chomwecho padabwera Films and Publications Act, lomwe lidakhazikitsa bungwe la Film and Publication Board, ambiri amangoti FPB. Ntchito ya bungweli ndi kuika msinkhu wa oonera: 13, 16, 18, kenako X18, zomwe ndi zogonana zoonekeratu ndipo zimagulitsidwa m'malo a akuluakulu a laisensi okha. Pamwamba pake pali XX, monga zosonyeza kugwiririra, kugona ndi nyama kapena kugonana pachibale. Izi sizigulitsidwa paliponse.

Pali kanthu kamodzi m'malamulo aakulu a dziko lino komwe ife obwera tiyenera kukadziwa. Ndime 16, ya ufulu wolankhula ndi kuonetsa zaluso, imati ufuluwo ndi wa aliyense. Ndime 22, ya ufulu wosankha ntchito kapena malonda, imati ndi wa nzika. Choncho inu mungaime pa ndime 16, pa ndime 14 ya zinsinsi za munthu, ndi pa ndime 33 yoti boma lizichita zinthu mwachilungamo. Pa ndime 22 angaimepo ndi mayi a kunyumba. Komanso ufulu wonsewu uli ndi malire, ndime 36 imalola boma kuuchepetsa ngati pali chifukwa chomveka ndipo silidapyole muyeso.

Malirewo adalembedwa ndi milandu itatu. Woyamba ndi wa Phillips, wa 2003, wokhudza malo ena ovinirako ku Midrand. Lamulo la mowa la 1989 linkaletsa mwini laisensi kulola munthu wosavala, kapena wosavala mokwanira, kuonetsa masewero pamalo ogulitsa mowa. Khoti lidagwetsa ndimeyo, koma chifukwa chake muchimvetse bwino. Silidanene kuti kuvina utavula n'chinthu chopambana. Lidati ndimeyo inali ukonde wokokolola zonse, chifukwa inkagwira ngakhale nyumba za zisudzo zomwe zimagulitsa vinyo pa nthawi yopuma. Khomo lidasiyidwa lotsekula kuti boma likhoza kulemba lamulo lolunjika bwino, ndiye werengani mzere uliwonse wa zomwe adakulemberani pa laisensi yanu ya mowa.

Wachiwiri ndi wa Jordan, wa 2002. Khoti lomwelo lidati kugulitsa thupi ndi kuyendetsa nyumba yochitiramo zimenezo ndi mlandube. Boma lidatulutsa bilu yofuna kusintha izi kumapeto a 2022, koma idabwezedwa kuti ikalembedwenso. Kwa inu tanthauzo lake ndi ili: kachipinda kamodzi kumbuyo kokhala ndi bedi ndi loko, kapena baunsa wolandira kangachepe polumikiza kasitomala ndi wovina, kakusandutsani kuchoka pa mwini malo a zisangalalo kukhala woyendetsa nyumba ya uhule. Zikafika apo ndime 16 siikuthandizaninso. Wachitatu ndi wa De Reuck, wa 2003, womwe udatsimikiza kuti zolaula zokhudza ana n'zoletsedwa kotheratu, ngakhale kuzisunga chabe. Lamulo limagwira ngakhale chithunzi cha munthu wamkulu ngati waonetsedwa ngati mwana wosafika zaka 18. Chikuto chilichonse cha yunifolomu ya sukulu chichoke pa shelefu lero, musadikire kuti wina akuuzeni.

Tsopano mapepala. Kampani ikhale yolembetsedwa ku CIPC (kolembetsera makampani) ndi ku SARS (kwa amisonkho), ogwira ntchito ku UIF (thumba lothandiza anthu ntchito ikatha). Laisensi ya malonda imachokera kukhonsolo motsatira Businesses Act ya 1991, ndipo malo a akuluakulu ali ndi mzere wawo, malo ovinira usiku ali ndi wawonso. Ambiri amatenga umodzi n'kumaganiza kuti waphimba zonse ziwiri. Kenaka pali kulembetsa ku FPB ngati wogulitsa mafilimu, laisensi ya mowa ya Gauteng Liquor Board yomwe imakonzedwanso chaka ndi chaka, chilolezo choti puloti yanu ingagwiritsidwe ntchito yotere motsatira Land Use Scheme ya mzindawu ya 2018, chiphaso cha ozimitsa moto chonena kuchuluka kwa anthu ololedwa kulowa, ndi malaisensi a nyimbo a SAMRO ndi SAMPRA. Alonda a pakhomo akhale olembetsedwa ku PSIRA, bungwe loyang'anira alonda. Apa Amalawi timapunthwa kawirikawiri, timaika mlamu wathu wa dzitho pachitseko, pomwe PSIRA imalembetsa nzika ndi okhala ndi chilolezo chokhazikika basi. Inuyo ngati muli pa viza ya ukwati ya ndime 11(6) ya lamulo la olowa ndi kutuluka m'dziko, onani ngati adalembapo kuti mukhoza kuchita bizinesi imeneyi.

Ndime 24 ya lamulo la mafilimu ndi yomwe oyendera malo amafika nayo m'manja. Pakhomo lililonse pakhale chikwangwani choti osafika zaka 18 saloledwa, mwana asalowe ngakhale ali kumsana kwa amayi ake, ndipo katundu asaoneke kwa munthu amene ali panja. Imani tsidya la msewu masana, chitseko chili chotsekula monga chimakhalira kasitomala akamalowa, muone ngati diso likufika pa shelefu. Likafika, ikani chotchinga chamatabwa mkati mwa khomo, chotalika kupitirira munthu, kuti wolowa azikhota asanaone katundu. Mawindo apakidwe kapena amatidwe mpaka pamwamba. Lamulo la mowa la Gauteng la 2003 limayang'ananso mtunda wa mamita 500 kuchoka pa tchalitchi, sukulu ndi malo okwerera basi. Yezani nokha mudziwe nambala yake, ndipo fufuzani kuti adayamba kukhalapo ndani, inu kapena tchalitchi cha m'galaja chomwe chidatsekulidwa chaka chatha.

Za makatoni anu awiri aja, musathamangire kukawaitanitsa musanadzifunse funso limodzi: kodi DVD iliyonse mmenemo inali yeniyeni ndipo inali ndi chizindikiro cha FPB? Ngati munali zokopera za mumsewu, kukazilondola n'kudzipereka nokha, chifukwa pali mlandu wogulitsa filimu yosaunikidwa komanso wa katundu wachinyengo. Zikatero kambani ndi loya kaye. Ngati zonse zinali bwino, lembani tsiku, nthawi, maina kapena nambala za galimoto zomwe mukukumbukira, ndi mndandanda wa katundu kuchokera pa malisiti oodera. Zithunzi za makamera muzikopere pa fulashi, poti makina ambiri amafufuta okha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Pitani kupolisi ya m'dera lanu mukafunse nambala ya mlandu, yomwe amati CAS, ndi nambala ya SAP 13, lomwe ndi buku lolembamo katundu yense wolandidwa. Lamulo la Criminal Procedure Act la 1977 limafuna kuti polanda pakhale chikalata cha khoti, pokhapokha mwini malo wavomera kapena pali chifukwa chomveka choti kudikira kukadaononga umboni, ndipo ndime 31 imati katundu abwezedwe ngati palibe mlandu wotsekulidwa. Mukapeza kuti m'bukumo mulibe chilichonse, nkhaniyo yasintha mtundu. Lemberani mkulu wa polisiyo, ndipo ngati pali fungo la ziphuphu kadandauleni ku IPID, bungwe lofufuza apolisi.

Ulendo wina akadzabwera, pa shifiti iliyonse pakhale munthu mmodzi wodziwa chochita. Fayilo ya makope osindikizidwa chidindo a malaisensi onse ikhale pansi pa kauntala. Apemphe chitupa cha ntchito cha woyenderayo, alembe dzina, asatsekereze njira, asakweze mawu, ndipo katundu akamatuluka apemphe risiti. Ya fanta musapereke. Mukapereka kamodzi mwalembetsa sikelo ya mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku lomwe mudzafune kudandaula mudzakhala muli ndi mlandu inunso. Chenjerani ndi chindapusa chovomera kulakwa, chija amalipira kupolisi kuti nkhani ithe msanga. Chimaoneka chotchipa, koma chimatha kukusiyirani mbiri ya upandu, ndipo mbiri imeneyo idzakupezani pokonzanso viza ndi laisensi ya mowa.

Boma likakulemberani kuti lakukanizani kapena kukulandani laisensi, masiku amayamba kuwerengedwa pomwepo. Lamulo la PAJA la 2000, lokhudza zigamulo za maofesi a boma, limakupatsani masiku 90 opempha zifukwa zolembedwa, iwo ali ndi masiku 90 oyankha, ndipo kukhoti muyenera kufika masiku 180 asanathe, mutayesa kaye apilo ya mkati mwa bungwelo. Pa chigamulo cha FPB apilo imapita ku Appeal Tribunal pasanathe masiku 30. Akatseka malo popanda kukumvani, loya angapemphe chiletso chamsanga ku High Court ya pa Pritchard Street, koma majaji samva za changu kwa munthu amene wakhala milungu itatu ali phee. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Apilo imagwira ntchito, si mwambo chabe. Mu 2012 FPB idaika malire a zaka 16 pa chojambula cha Brett Murray chotchedwa The Spear, chosonyeza Jacob Zuma maliseche ali pamtunda, chomwe chinali ku Goodman Gallery konkuno, ndipo Appeal Tribunal idachotsa malirewo chaka chomwecho. Mu 2013 filimu ya Of Good Report idakanizidwa usiku wotsekulira chikondwerero cha mafilimu ku Durban, apilo n'kuibweza patangopita masiku ochepa. Mu 2018 zidayenda mozondoka: Tribunal yomweyo idakweza filimu ya Inxeba kuchoka pa 16 kufika pa X18 magulu ena atadandaula, kutanthauza kuti ikadaonetsedwa m'malo ngati anu okha, ndipo chigamulocho lidachita kuchigwetsa ndi khoti la ku Pretoria. Koma mpeni umenewu umacheka mbali zonse. Mu 2013 ICASA, bungwe loyang'anira mawailesi, idalola kampani ya TopTV kuulutsa matchanelo atatu a akuluakulu, mabungwe monga Justice Alliance of South Africa ndi Doctors for Life adapita kukhoti ku Cape Town, ndipo mu 2014 chilolezocho chidathetsedwa chifukwa ICASA sidatsate bwino lamulo popereka. Otsutsana nanu nawonso amadziwa kuwerenga.

Tibwere ku funso lanu lachiwiri, lomwe ndi lovuta kuposa loyamba. Musadzivute kufuna kuti anthu azikonda zomwe mumagulitsa, sizidzatheka. M'dera lanu muli anthu a mitundu itatu. Alipo okana chifukwa cha chikhulupiriro, amenewo simudzawatembenuza ndipo ali ndi ufulu wawo wokana. Alipo makasitomala anu, omwe amalowa chipewa chili m'maso ndipo sadzaimirira pamsonkhano kukutetezani. Ndiye pali gulu lalikulu la pakati: mayi wa saluni woyandikana nanu, mwini nyumba za lendi kuseri, bambo wopita kuntchito 4 koloko m'mawa. Amenewa za m'kati mwa malo anu alibe nazo ntchito. Chimawapweteka ndi nyimbo ya 2 koloko usiku, galimoto yotseka geti lawo, mabotolo osweka ndi mkodzo pa mpanda, ndi mwana wawo kufunsa kuti chithunzi chili pa chikwangwanicho n'chiyani. Akasaina chikalata amasainira zimenezi, ngakhale pamwamba pake palembedwe za makhalidwe. Ntchito yanu ndi kuwachotsa amenewa m'gulu la okana.

Pezani kope ya chikalatacho, muchiwerenge ndi pensulo. Dandaulo lililonse lotheka kukonza likonzeni musanakumane ndi aliyense. Chikwangwani chikhale cha mawu okha, chopanda thupi la munthu. Masipika achoke pa khoma logundana ndi nyumba za anthu, aikidwe pa mphira, ndipo khomo la bala likhale la zitseko ziwiri kuti phokoso lisamathawe wina akamalowa. Ikani getsi lowala panja ndi mlonda woyendera msewu mpaka kasitomala womaliza atachoka. Pofika 6 koloko m'mawa panja pakhale posesa, ana asanayambe kudutsa. Ngati msewu wanu ndi njira ya ana a sukulu, shopu izitsekulidwa iwo atalowa m'kalasi, ndipo nthawi yoweruka chitseko chizikhala chotseka, wofuna kulowa aziliza belu. Gawirani oyandikana nanu nambala ya foni yomwe imayankhidwa usiku, ndipo sungani buku la madandaulo: tsiku, nthawi, chomwe chadandaulidwa, chomwe mwachita. Buku limenelo pamaso pa Liquor Board limalemera kuposa zolankhula zonse za ufulu.

Mukatero yambani kuoneka ku misonkhano ya CPF, komiti ya apolisi ndi anthu a m'dera, osati tsiku lokamba za inu lokha ayi. Kamera yanu yoyang'ana mumsewu ikathandiza kugwira wothyola galimoto ya neba, neba ameneyo sasainanso. Khansala alibe mphamvu yotseka malo, angathe kungokankha oyendera malo kuti azibwera pafupipafupi. Mulembereni kalata yaulemu yomuitana adzaone malo masana, fayilo ya malaisensi ili patebulo.

Abusa aja pitani mukawaone, musadikire kukumana nawo muholo modzaza anthu momwe aliyense amalankhulira omuombera m'manja. Tengani munthu wachikulire wolemekezeka m'deralo akuperekezeni. Za Baibulo musatsutsane nawo, mudzagonja ndipo simudapitire zimenezo. Afunseni kuti chenicheni chomwe chikuvutitsa nkhosa zawo n'chiyani, lembani, ndipo pakatha milungu iwiri muwatumizire kalata yonena zomwe mwakonza. Pali chida chimodzi chomwe mtima udzakuuzani kuti mugwiritse ntchito, chonena kuti ena mwa osainawo ndi makasitomala anu. Musayerekeze, ngakhale mocheza. Lamulo la POPIA limateteza zinsinsi za makasitomala, komanso tsiku lomwe mawu amenewo adzatuluke pakamwa panu, shopu idzauma.

Chitsanzo cha momwe munthu amadziudzulira yekha anthu ndi malemu Lolly Jackson wa makalabu a Teazers. Zikwangwani zake zikuluzikulu m'misewu ya Joni zinkakhalira kudandauliridwa, makamaka cha 2009 chomwe ambiri adachiona ngati chotonza katswiri wothamanga Caster Semenya. Dzina lidatchuka ndithu, koma aliyense wofuna malamulo okhwima adapeza chithunzi choloza. Masiku ano madandaulo a zotsatsa malonda amapita ku Advertising Regulatory Board. Lamulo lanu likhale loti zomwe zili m'kati ziziona wolowa mwa kufuna kwake, wodutsa panja asakakamizidwe kuziona. Mfundo yanu yonse pamaso pa anthu yagona pamenepo.

Amayi ovina aja ndiwo angakupulumutseni kapena kukumizani. Mawu omwe amagwetsa malo ngati anu msanga kuposa ena onse ndi akuti mukuzembetsa anthu. Lamulo la 2013 lolimbana ndi mchitidwewu limatchula kusunga pasipoti ya munthu ndi kumumanga ndi ngongole yosatha. Choncho pasipoti ya wina isagone mu sefa yanu ngakhale atakupemphani yekha, musalipirire munthu ulendo kuti azidzabweza povina, ndipo zindapusa zodula malipiro chifukwa chochedwa kapena kukana kasitomala zithe. Aliyense akhale ndi mgwirizano wolembedwa, kope ya chitupa chosonyeza zaka, ndi pemiti yomulola kugwira ntchito ngati ndi wobwera. Akhale ndi chipinda chosinthira chokhoma ndi galimoto yowatula pakhomo. Mu 2010, pa mlandu wa Kylie, khoti la apilo la zantchito lidati ngakhale wogulitsa thupi ali ndi ufulu wokadandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, akachotsedwa mopanda chilungamo, ndiye wovina wanu ali nawo mosakayikitsa. Mafoni asajambule nthawi ya masewero. Kufalitsa chithunzi chamseri cha munthu popanda chilolezo chake kuli ndi chindapusa chofika R150,000 kapena zaka ziwiri kundende, ndipo ngati munthuyo akuzindikirika zimafika R300,000 kapena zaka zinayi. Wovina akafuna yekha kulankhula kwa atolankhani kapena kwa khonsolo kuti ntchitoyi imalipira lendi ndi fizi, mawu ake amamveka kuposa anu. Koma asakakamizidwe, ndipo nkhope ndi dzina lake zibisidwe akafuna.

Tikutsineni khutu pa nkhani ya ubwera. Mu February 2017 anthu ku Rosettenville, pafupi ndi inu pomwepo, adatentha nyumba zingapo ponena kuti ndi za uhule ndi mankhwala ozunguza bongo za anthu obwera. Nkhani ya makhalidwe kuno siichedwa kusanduka nkhani ya alendo. Pamsonkhano ndi pamaso pa atolankhani azilankhula mayi a kunyumba kapena loya, inu mukhale pambali ndi fayilo. Si mantha, n'kudziwa bwalo lomwe mukuvinapo. Pa chifukwa chomwechi zionetsero za mumsewu sitikukulimbikitsani. Lamulo limafuna chidziwitso cha masiku 7 ngati anthu apitirira 15, koma vuto lenileni ndi loti chithunzi cha tsikulo chidzathandiza adani anu. Chikalata chanu chosainitsa chikhale cha oyandikana nanu, okuoderani zakumwa, oyendetsa matakisi a usiku, aliyense ndi adiresi yake ya mu wadi yanu. Maina 40 otere amaposa chikwi cha pa Facebook.

Nkhondo ina imamenyedwa kutali ndi shopu yanu, polemba malamulo. Mu 2010 Malusi Gigaba, ali wachiwiri kwa nduna ya za m'dziko, adafuna lamulo lotseka zolaula zonse pa intaneti ndi pa mafoni, koma silidapite patali. Mu 2012 eni manyuzipepala ndi magazini adapambana ku Constitutional Court pa ndime yowakakamiza kupereka zolemba zina ku FPB zisanasindikizidwe. Mu 2015 FPB idatulutsa ndondomeko yoyang'anira za pa intaneti, mabungwe monga Right2Know adaikana kwambiri. Kusintha kwa lamulo kwa 2019 kudayamba kugwira ntchito pa 1 March 2022, ndipo tsopano FPB imafika mpaka pa malonda a pa intaneti. Ngati mumatumizira makasitomala makanema pa WhatsApp kapena Telegram n'kulandira ndalama, siyani mpaka mutapeza chilolezo cha bungweli ndi njira yotsimikizira zaka za wogula.

Mukaona milandu yomwe idapambanayi, wopambana sadapemphe khoti kuti likonde zolaula. Adaonetsa kuti lamulo lidalembedwa motambalala moti likugwira wa zisudzo, mtolankhani, wojambula ndi mphunzitsi wa zaumoyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndiwo uthenga womwe umabweretsa mabungwe omenyera ufulu wolankhula monga Moxii Africa (kale Media Monitoring Africa) ndi Campaign for Free Expression. Amenewa sadzabwera kudzamenyera laisensi ya bala lanu, koma lamulo lotambalala likatuluka mu Government Gazette, kalata yolengezera ya boma, mudzawapeza ali kale pamzere. Nthawi yopereka maganizo kawirikawiri imakhala masiku 30, ndipo tsamba la Parliamentary Monitoring Group limalengeza. Lembani masamba awiri kapena atatu: ndinu ndani, mwalemba ntchito anthu angati, ndime iti ikuvuta, igwira ndani wosalakwa, ndi mawu ena omwe angateteze ana popanda kutsekera akuluakulu. Kukana kokha sikumveka, bwerani ndi njira ina. Chodabwitsa n'chakuti chigamulo cha 2006 chokakamiza nyumba ya malamulo kumva maganizo a anthu adachipambana ndi a Doctors for Life omwe aja. Mutu umodzi susenza denga, ndiye pezani eni malo ena asanu kapena khumi a mapepala abwino, muzisonkha mwezi ndi mwezi thumba la loya, ndipo mugwirizane kuti wolola ana kapena wosunga mapasipoti a antchito achotsedwe m'gulu. Amene ndalama zavuta angayambire ku Wits Law Clinic kapena ProBono.Org, ngakhale iwo amayang'ana kaye kapezedwe ka munthu, ndipo ovina angapeze uphungu ku SWEAT ndi Sisonke, mabungwe omenyera ufulu wa ogulitsa thupi.

Chitetezo chonsechi chimathera pa Beitbridge. Kumudzi Penal Code imaletsabe kulowetsa ndi kugulitsa zolaula, choncho katundu wa m'shopu mwanu asakwere basi ya ku Blantyre kapena Lilongwe, ngakhale wina atalipira bwanji. Akakagwidwa pa Mwanza kapena pa Dedza, chizindikiro cha FPB sichikamuombola wonyamulayo.

Za anzanu a kutchalitchi, kuulula kapena kusaulula ndi nkhani ya inu ndi mayi a kunyumba. Koma dziwani kuti nkhani ikafika ku Liquor Board kapena kukhoti, maina a eni kampani amakhala m'mapepala omwe aliyense angawerenge, ndipo kanema wa msonkhano wa m'holo amafika pa gulu la WhatsApp la Amalawi usiku womwewo, m'mawa mwake ali kale ku Mangochi. Ngati pali mkulu mmodzi mumpingomo amene mumamukhulupirira, ndi bwino amve kuchokera pakamwa panu tsiku la msonkhanolo lisanafike.